Lipenga Linalira Koma Palibe Anasowa

Amene anayamba kuziona zovalazo anali amayi a Idara, m'mamawa popita kumjigo, kutatsala masiku anayi kuti chaka chithe. Zinali m'mbali mwa njira yotsika kuchokera kumtunda kwa mudzi wa Ikot Ndua, pansi pa mitengo ya kanjedza: chitenje, bulauzi, duku ndi nsapato zakuda. Zikanakhala zongotayidwa, mayiwo akanazilumpha n'kupitirira. Koma nsapato zinaikidwa moyandikana, chitenje chinayalidwa bwinobwino pamwamba pake, bulauzi inatsatira manja ake atatambasuka, ndipo duku linali kumapeto, pamene pakanakhala mutu. Zinkaoneka ngati munthu anagona pamenepo chagada, kenako n'kutuluka m'kati mwa zovala zake osasuntha ngakhale batani.

Dzuwa lisanakwere mudzi wonse unali utamva, ndipo aliyense womva ankachita mantha, chifukwa usiku womwewo anthu ambiri anali atamva lipenga.

Mayen, telala wa kumunsi kwa mudzi, analimva bwino kuposa ambiri. Anali akadali pa makina ake, akumaliza madiresi a chaka chatsopano ndi kanyali ka palafini, magetsi atathima ndiponso majenereta a anansi atazimitsidwa imodziimodzi. Linalira kamodzi kokha. Mawu ake anayamba pansi, n'kukwera pang'onopang'ono, n'kukhala pamwamba nthawi yaitali, kenako ananjenjemera n'kuduka. Inali nyengo ya mphepo youma ija imene imadzaza mlengalenga ndi fumbi mpaka mwezi kuoneka ngati mbale yakuda, ndipo m'fumbi lotere munthu sadziwa kumene phokoso likuchokera. Agalu sanauwe. Mayen anakhala phazi lili pa chopondera, osalisuntha, mpaka nyali inayamba kufuka.

Mwezi wonse wa Disembala abusa Ekanem a mpingo wa Nyali Zoyaka anali akulalikira chinthu chimodzi pa zokuzira mawu zomwe zinkamveka mpaka kumsika. Ankati nthawi yatha, lipenga lidzalira anthu asakuyembekezera, okhulupirira amene anafa adzayamba kudzuka, ndipo amoyo oyenera adzakwatulidwa kamodzin'kamodzi n'kusiya zovala zawo pamene anali. Ndiye m'mawa umenewo anthu anathamangira kwa abusawo. Anawapeza atakhala pakhonde, kapu ya tiyi itazizira m'manja.

"Inenso ndilipo, monga mukuonera," anatero abusa Ekanem, mawu ali otsika. "Pitani mukawerenge anthu anu."

Anawerenga nyumba ndi nyumba. Anaimbira mafoni ana a ku Uyo ndi a ku Calabar. Palibe anasowa. Chitenjecho chinali cha yunifolomu ya amayi a mpingowo, ndipo amayi makumi asanu anali nacho chofanana.

"Ndiye kuti mudzi wonsewu munapezeka woyera mtima mmodzi, ndipo anali wapaulendo," anatero Ntuen, mwamuna wa Mayen, akusamba m'manja kuti adye. Ntuen anali kalipentala, munthu wofatsa amene ankapemphera asanakhome msomali woyamba, koma kuseka sankakusiya. "Bwanji sukudya? Ndiwo zako za masamba a afang zakoma lero."

"Musamaseke ndi zinthu zimenezi," anatero Mayen.

Usiku wachiwiri lipenga linaliranso, nthawi yomweyo, kulira komweko, koma kwa Mayen kunamveka ngati kwayandikira. Kutacha zovala zina zinapezeka pafupi ndi mjigo, pakati pa mudzi, zitayalidwa mofanana ndi zoyamba. Ulendo uno inali bulauzi ya lesi yoyera imene inayamba chikasu chifukwa chokhalitsa m'sutikesi. Abusa anatuma munthu kukaitana Mayen, poti theka la zovala za amayi a m'mudzimo zinadutsa pa makina ake.

Anthu anamupatukira. Mayen anagwada, n'kunyamula bulauziyo, ndipo fungo la mankhwala a njenjete linamulowa m'mphuno. Anaitembenuza. M'khwapa lakumanzere, m'kati, munali kamtanda kakang'ono ka ulusi wobiriwira. Kachizindikiro kameneko Mayen ankakasoka pa zovala za abale ake okha, ndipo m'bale wake wovala lesi yaikulu choncho anali mmodzi. Anali Arit, mkulu wake, amene anaikidwa m'manda zaka zitatu zapitazo kuseri kwa nyumba yake, kumtunda kwa mudzi.

"Mwaizindikira, mayi?" anafunsa abusa.

"Ayi," anatero Mayen. "Sindikuidziwa."

Anabwerera kunyumba.

Iye ndi Arit anakula akugona mphasa imodzi. Zinthu zinasintha Arit atalowa mpingo wa Nyali Zoyaka, n'kuvula ndolo ndi mikanda, n'kuyamba kudzudzula mng'ono wake chifukwa chosokera atsikana mathalauza. Tsiku lina, pa ukwati wa mwana wa msuweni wawo, amayi atadzaza kukhitchini akukulunga chakudya m'masamba, Arit analoza makutu a Mayen n'kunena mokweza kuti: "Tsiku la lipenga, iwe ndi ndolo zakozo udzatsala pansi pano, udzangotiyang'ana tikupita." Amayi ena anaseka. Mayen anapukuta manja n'kutuluka, ndipo sanamulankhulenso mkulu wakeyo kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Arit atadwala anatuma uthenga katatu. Koyamba Mayen anati ali ndi ntchito. Kachiwiri sanayankhe. Kachitatu anavala n'kunyamuka, koma anakumana ndi kulira ali panjira. Pa maliro, mlamu wake Umoren, mwamuna wa Arit, anamuyang'ana kamodzi n'kunena kuti: "Mwafika, mlamu. Bwererani tsopano." Kuyambira pamenepo Mayen sanapondenso pakhomo paja.

Tsiku limenelo mphekesera zinasintha. Wina anakumbutsa anzake kuti akufa ndi amene adzayambe kudzuka, ndiye n'chifukwa chake amoyo palibe amene wasowa. Amayi a Idara, atabwera kudzayesa diresi lawo, ananong'oneza Mayen zina.

"Kodi m'mudzi muno munali malipenga angati? Si limodzi lokha, la Ete Umoren, alamu anu aja, la nthawi ya gulu loimba lija? Ndipo tonse tinaona akuika chikwama chake m'bokosi la akulu anu. Eni ake lipengawo chiwagwireni sitiroko chaka chatha sadzuka n'komwe pabedi. Ndiye akuliimba ndani?"

Mayen anabaya singano pa chala chake osamva kuwawa.

Usiku wachitatu anagona msanga koma tulo sitinabwere. Anamvetsera mpweya wa Ntuen, wautali, wamtendere, wa munthu amene alibe mlandu ndi wina aliyense. Abusa ankati usiku umenewo mwamuna ndi mkazi adzakhala pabedi limodzi, wina adzapita, wina adzadzuka yekha. Mayen anadzuka mwakachetechete, anatenga nsonga ya chitenje chake, n'kuimanga pa mwendo wa mwamuna wake.

"Ukundimanga ngati mbuzi ya pa Khirisimasi," ananong'ona Ntuen mumdima.

"Ndimayesa mwagona."

"Ndinagona, koma mfundo zako n'zolimba. Ukuopa kuti ndithawa?"

"Inu mudzapita. Ine ndikudziwa kuti ndidzatsala."

"Wakuuza ndani?"

"Zovala zija n'za Arit," anatero Mayen, mawu akutuluka ngati mpweya chabe. "Ndinazisoka ndine. Zinayambira kumtunda, lero zinali pamjigo. Akutsika, bambo. Akubwera kuno."

Ntuen anafufuza dzanja la Mayen mumdima.

"Akabwera timulandira. Ndi mlamu wanga."

Asanamalize, lipenga linalira. Linali pafupi kwambiri moti malata a denga anachita ngati akuyankha. Litaduka, panamveka kena kake kamene sikanamveke masiku ena aja: kugogoda kwa chinthu pa nthaka youma, kotsatiridwa ndi kukhwekhwereza, kugogoda, kukhwekhwereza, kukupita patali pang'onopang'ono mpaka kunazimirira. Ntuen anafuna kudzuka koma Mayen anamugwira ndi manja awiri.

Kutacha zovala zinapezeka pansi pa mtengo wa mango, pamene kanjira ka kwa Mayen kamapatukira. Kanjirako sikapita kwa wina aliyense. Ndipo diresi lake linali la buluu lija limene Arit anavala pa ukwati wa mwana wa msuweni wawo. Amayi awiri atatu analikumbukira, ndipo madzulo asanafike anthu ankasiya kulankhula Mayen akamadutsa.

Amuna a chitetezo cha m'mudzi anakumana pansi pa mtengo womwewo. Iwo za mkwatulo anali atatopa nazo. Ena ankati ndi mfiti yofukula manda, ena ankati ndi akuba ofuna anthu adzitsekere m'nyumba. Anagwirizana kuti azilondera ndi zikwanje, ndipo amene angamupeze ndi zovala usiku sadzafika naye kupolisi. Abusa Ekanem anawapempha kuti asakhetse magazi chaka chikutha. Anawayankha kuti abusawo ayang'ane za kumwamba, za pansi awasiyire iwo.

Usiku wachinayi sikunamveke kanthu. Mayen anadikira mpaka atambala analira, ndipo chete ameneyo anamutopetsa kuposa lipenga.

Tsiku lomaliza la chaka anthu onse anapita ku mchezo wolowera chaka, ngakhale amene anali asanaponde m'tchalitchi chiyambire Isitala. Mayen anati mutu ukumupweteka. Ntuen anavula nsapato kuti atsale naye, koma iye anakana.

"Pitani mukandipempherere. Ngati pali wondifuna, andipeze ndekha."

Anakhala pa mpando kuseri kwa chitseko, nyali ataitsitsa. Kuchokera kutali kunkabwera nyimbo ndi ng'oma za matchalitchi atatu zitasakanizika, nthawi zina mphepo inkazibweretsa, nthawi zina inkazichotsa. Masamba ouma a nthochi ankakhudzana kuseri kwa nyumba. Milomo yake inali itang'ambika ndi kuuma kwa mphepo, ndipo ankamva kukoma kwa fumbi pa lilime. Anaganiza za mawu amene akanauza Arit, n'kupeza kuti zaka zisanu ndi zinayi zonsezi anali asanawakonze.

Kenako anakumva. Kugogoda, kukhwekhwereza. Kugogoda, kukhwekhwereza. Kunadutsa pa mtengo wa mango, n'kulowa m'kanjira kake. Kunaima nthawi yaitali. Kunayambanso. Kunafika pabwalo, pafupi ndi chingwe choyanikapo zovala, ndipo panamveka phokoso lofewa la nsalu ikukutumulidwa.

Mayen anaimirira. Mantha anali atafika pamene sakanakulanso, ndipo anaona kuti n'kwabwino kukumana ndi mkulu wake panja, ataimirira, kusiyana ndi kupezedwa atabisala. Anakweza nyali, n'kutsegula chitseko.

"Arit," anatero. "Ndine pano."

Pabwalo panali munthu atagwada, wowonda, atavala jekete yakale yofiira ya mabatani achitsulo. Ankayala chitenje ndi dzanja limodzi, lina lili lendelende. Pambali pake panali ndodo, ndipo pakhosi pake, pa chingwe, pankalendewera lipenga. Anatembenuza nkhope yopindika mbali imodzi, n'kutsinzina chifukwa cha kuwala.

"Mlamu," anatero Umoren. "Tandigwirirani nsonga iyo. Mphepo ikuvuta."

Mayen anaika nyali pansi. Anagwada n'kugwira nsongayo.

"Alamu, mwafika bwanji kuno? Anthu amati simudzuka."

"Masana sindidzuka. Ndidzukirenji? Usiku ndimayamba ulendo anthu akangogona. Dzulo mwendo unakana." Anawongola chitenje ndi chikhato. "Anthu a m'mudzi muno ndi akuba. Ndikaika zovala, kukacha atenga. Ndiye ndimasunthira kutsogolo. Pano ndiye pamapeto, apa sangaphonye."

"Ndani?"

"Akulu anu. Abusa akuti nthawi yakwana. Ine ndimamva zonse ndili pabedi, zokuzira mawu zija sizisankha. Tinawaika ndi nsalu yoyera yokha, ndipo mukuwadziwa, sangayende m'mudzi atavala choncho."

"Nanga lipengali? Si munaliika m'bokosi?"

Umoren anaseka pang'ono, mbali imodzi ya pakamwa.

"Ndinaika chikwama. Manja anakana kuika lipenga. Musauze anthu." Analisisita. "Arit ndi munthu wa tulo tambiri. Zaka makumi anayi ndimamudzutsa ndine. La mngelo salidziwa, angatembenuke n'kupitiriza kugona. Langali amalidziwa. Ndimangomukumbutsa kuti agone khutu limodzi lili kunja."

Funso limene linatsala linali lolemera, ndipo Mayen analitulutsa pang'onopang'ono.

"Koma bwanji njira ya kuno, alamu? Kumwamba sadzera kwa ine."

Umoren anamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo chifunga chimene chinali m'maso mwake chinachita ngati chayera.

"Sindinakuuzeni," anatero. "Ndinakwiya nanu, ndiye ndinasunga. Usiku womaliza uja ankangoyang'ana kukhomo. Ataona kuti simufika anandiuza kuti: 'Umoren, ndinamulakwira mwana uja pamaso pa anthu. Ine ndine ndani kuti ndiwerenge opita ndi otsala? Tsiku limenelo ndikadzuka usadzandikokere kumwamba msanga. Ndidzayamba ndadzera kwa Mayen, ndikamutenge ndi ndolo zake zomwezo. Akandifunsa pachipata ndidzayankha ndine.' Anatero. Ndiye ndimati akamatsika apeze chovala panjira."

Mayen anakhala pansi pa dothi. Sanalire mokweza. Anangogwira chitenje cha mkulu wake n'kuchikanikiza pankhope, mapewa akugwedezeka, ndipo Umoren anadikira mwaulemu, ngati munthu wodikira kuti mvula ikate.

Kutali kunaphulika makombola a chisangalalo, mabelu analira, anthu anafuula. Chaka chinali chitalowa.

"Nthawi yakwana," anatero Umoren, n'kukweza lipenga.

"Dikirani, alamu, kuli anthu akulondera..."

Koma anali ataliika kale pamilomo. Pafupi chonchi, Mayen anamva zimene fumbi linkabisa: mpweya ukuthawira pambali pa mlomo wakufawo, chifuwa chikulira, ndi khama la munthu wokalamba pokweza mawu amodzi okha mpaka pamwamba. Linali lipenga lopindika, lomangidwa ndi waya, ndipo kunjenjemera kuja kumene kunasowetsa mudzi tulo kunali kutha kwa mpweya basi.

Mapazi anamveka akuthamanga kuchokera kumsewu. Matochi anayi, asanu, anavina m'mitengo ya nthochi, zikwanje zikung'anima pansi pake. Mayen anadzuka, n'kuima pakati pa kuwalako ndi mlamu wake, manja atatambasula.

"Chokani pamenepo, mayi," anatero mtsogoleri wawo, akupuma mwawefuwefu. "Tamupeza."

"Mwapeza ndani? Tsitsani matochiwo, mukuwathobwa m'maso. Awa ndi Ete Umoren. Anaimba pa ukwati wa mayi ako, Essien, ndipo iwe unali kale m'mimba, tonse tinkadziwa. Ukufuna uwateme?"

Wina kumbuyo anaseka mosafuna. Matochi anatsika limodzilimodzi. Anaona jekete yofiira, ndodo, ndi mapazi otupa odzaza fumbi amene anayenda mtunda wonse uja kwa mausiku anayi. Essien anayang'ana chikwanje chake ngati sakudziwa kuti chafika bwanji m'manja mwake, n'kuchibisa kumbuyo.

"Ete, mwatiopsa," anatero motsitsa. "Mkazi wanga waulula machimo amene sindinamufunse n'komwe."

"Ndiye zakuthandiza," anatero Umoren.

Anthu ochokera ku mchezo anayamba kufika, Ntuen ali patsogolo, abusa Ekanem ali pambuyo pake. Mayen anafotokoza mwachidule, zokhazo zimene zinali zoyenera kumva anthu. Abusa anamvetsera mutu uli pansi. Kenako anagwada pafupi ndi mkuluyo.

"Ete, tsikulo silidziwika, ngakhale ine sindilidziwa. Mwina ndalalikira ngati ndikulidziwa. Koma likadzafika, Mma Arit, akazi anu, sadzasowa chovala, ndipo sadzagona mopitirira. Zimenezo musadandaule nazo."

"Mukutsimikiza, abusa? Simunakhale naye inu."

"Ndikutsimikiza."

Essien anadzipereka kuti amubereke mkuluyo kubwerera kumtunda. Mayen anakana. Anati kumtunda kulibe munthu, chipinda cha nsalu chili ndi bedi, ndipo mwana wa Umoren wa ku Uyo amuimbira kukacha. Ntuen anali atalowa kale kukasuntha makina.

Anthu atabalalika, Mayen anatenthetsa madzi, n'kukhazika mlamu wake pa mpando wa pakhonde, n'kuviika mapazi ake m'beseni. Madziwo anafiira nthawi yomweyo. Anawatsuka pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi, akuchotsa timinga ndi pini. Kum'mawa fumbi linali litayamba kuyera.

"Alamu," anatero osadzutsa mutu, "tanenaninso zimene ananena."

Umoren ananenanso, mawu onse, osasintha ngakhale amodzi.

"Nanga asananene zimenezo? Masiku ena onse aja, ankati chiyani? Ankadya? Ankaseka?"

"Ndi zambiri, mlamu. Anadwala miyezi isanu."

"Yambirani poyamba," anatero Mayen, n'kuthiramo madzi ena otentha.